Mphika si munda

Sabata ino tikambirane za maluwa a m'nyumba, aja timabzala m'miphika, m'zitini ndi m'mabotolo n'kuika pakhonde, pazenera kapena pabalaza. Timangowatcha maluwa onse, ngakhale ambiri mwa iwo timawakonda chifukwa cha masamba okha. Masiku ano afika ponseponse. M'mbali mwa misewu ya ku Lilongwe ndi ku Blantyre anyamata andandalika miphika yopaka penti, ndipo kumudzi nyumba yamalata ikangotha, mayi wa pakhomo amayamba kupempha timbewu kwa anzake a kumpingo. Chodandaulitsa n'chakuti kawirikawiri chisangalalo chake sichikhalitsa. Pakapita masabata angapo masamba amachita chikasu, tsinde limafewa, ndipo mphika umene udadya ndalama ya ndiwo umatsala ndi dothi lokha. Mwini wake amangoti, "Ine dzanja langa n'loipa, maluwa sandiyanja."

Dzanja loipa kulibe. Chimene chimatipusitsa n'chakuti ambirife tidakulira kumunda, ndiye timasamalira mphika ngati munda. Kumunda mvula ikagwa yambiri, madzi amalowa pansi kapena kutsetsereka m'mizere n'kupita kudambo. Kukauma, mizu ya chimanga imatsikira pansi kukasaka chinyezi. Dzuwa limafika lokha, mphepo imaomba yokha, nyongolotsi zimafewetsa nthaka popanda wozituma. Mumphika mulibe zonsezi. Duwa limakhala ndi dothi lodzaza manja awiri kapena atatu basi, ndipo silingasamuke kukafuna malo abwino. Madzi, kuwala ndi chakudya, zonse zimadalira inuyo. Choncho luso loyamba la wosamalira maluwa ndi kuyang'ana: kudziwa chimene duwa likusowa lero musanalipatse kanthu.

Tiyambe ndi madzi, pakuti ndiwo amapha maluwa ambiri a ongoyamba kumene. Mizu imapuma ngati mmene timapumira ife. Imatenga mpweya m'timipata tating'onoting'ono ta pakati pa dothi. Mukamathirira m'mawa ndi madzulo ngati nazale ya fodya, timipata tija timadzaza madzi, mpweya umatha, ndipo mizu imayamba kuwola. Mizu yowola siingamwe madzi, ndiye masamba amafota ngakhale dothi lili chinyowere. Apa ndi pamene pali msampha. Munthu akaona kufotako amaganiza kuti duwa lili ndi ludzu, n'kuwonjezera kapu ina, osadziwa kuti akulimalizitsa. Mlimi aliyense adaonapo chimanga cha m'dambo chitachita chikasu m'chaka cha mvula yambiri. Zomwezo ndi zimene zimachitika mumphika, kungoti mvula yake ndinuyo.

Chida choyezera madzi muli nacho kale, ndi chala chanu. Chilowetseni m'dothi mpaka pa mfundo yoyamba kapena yachiwiri. Chikatuluka chonyowa, dothi litamatirira, musathirire. Chikatuluka chouma, thirirani mokwanira mpaka madzi atulukire pansi pa mphika, kenako muleke mpaka dothi lidzaumenso pamwamba. Kuwaza timadzi pang'ono tsiku lililonse kumangonyowetsa pamwamba, mizu ya pansi n'kumafa ndi ludzu. Musaike tsiku lokhazikika loti Lolemba lililonse ndimathirira, chifukwa nyengo zathu sizifanana. M'chisanu cha June ndi July maluwa amakula pang'onopang'ono ndipo dothi limachedwa kuuma, makamaka kumadera amene kumagwa chiperoni monga ku Thyolo ndi ku Mulanje. Mu October, kukatentha, mphika womwewo ukhoza kuuma m'masiku awiri kapena atatu. Wa ku Nsanje sangatengere masiku othirira kwa wa ku Dedza. Aliyense afunse chala chake.

Mphika wodula si umene umakulitsa duwa. Ndowa yotha, chitini cha penti chotsukidwa bwino, botolo la mafuta ophikira la malita 5 lodulidwa pakati, zonsezi zimagwira ntchito. Chofunika ndi mabowo pansi. Tenthetsani msomali pamoto n'kuboola anayi kapena asanu. Ngati mwapatsidwa mphika wokongola wopanda bowo, bzalani duwa m'chitini choboola n'kuchilowetsa m'kati mwake, ndipo muzikhuthula madzi otsalira pansi. Mphika wadothi wa amayi oumba mbiya ndi wabwino kwambiri kwa wongoyamba, chifukwa umatulutsa chinyezi m'mbali, monga mmene mtsuko umachitira thukuta n'kuziziritsa madzi akumwa. Uzani woumba aboole pansi asanauwotche. Pabowopo ikani kaphale kamodzi kuti dothi lisamatuluke. Kudzaza miyala pansi sikuthandiza madzi kutuluka monga ambiri amaganizira, kumangochepetsa malo a mizu. Ndipo kamtengo kakang'ono musakaike mumphika waukulu, chifukwa dothi lambiri lopanda mizu limasunga madzi nthawi yaitali.

Dothi nalonso lisankhidwe. Makande a m'dambo ndi dothi la pachulu zimabereka bwino kumunda, koma mumphika zimagwirana ngati njerwa: zikanyowa zimachita phala, zikauma zimang'aluka. Katondo payekha nayenso amauma gwa. Sakanizani magawo atatu ofanana: dothi lapamwamba lofewa, ngati lija la pansi pa mtengo pamene masamba amawolerana, mchenga wa kumtsinje wa maso akuluakulu, ndi manyowa owolerana bwino. Kuti mudziwe ngati mwasakaniza bwino, nyowetsani pang'ono n'kufumbata m'manja. Likagwirana koma n'kumwazika mukaligunda ndi chala, lili bwino. Likakhala ngati mbamu ya nsima, onjezani mchenga. Manyowa aawisi, makamaka zitosi za nkhuku, amatentha mizu, amanunkha ndiponso amaitana ntchentche m'nyumba. Manyowa okhwima amaoneka akuda ndipo amanunkhira ngati nthaka ya mvula yoyamba.

Kenako kuwala. Ana athu amaphunzira ku sekondale kuti chakudya cha chomera chimapangidwa m'masamba pogwiritsa ntchito kuwala, madzi ndi mpweya. Feteleza ndi wongothandizira. Duwa limene laikidwa pakona yamdima kuseri kwa mpando lili pa njala, ngakhale mulithire manyowa otani. Nyumba zathu zambiri za kumudzi zili ndi mazenera aang'ono, ndiye malo abwino kawirikawiri ndi pakhonde kapena pafupi penipeni ndi zenera. Yesani motere masana: ikani dzanja pamwamba pa malo amene mukufuna kuika mphika. Chithunzithunzi cha dzanja chikaoneka, kuwala kulipo. Chikapanda kuoneka n'komwe, sakani malo ena. Zenera la kum'mawa ndi labwino kwa maluwa ambiri chifukwa dzuwa lake ndi lofatsa. La kumadzulo limawamba masamba m'chilimwe, ndiye pamafunika katani yopyapyala. Duwa likamatalika monyozoloka, masamba ali patalipatali, likupendekera kuzenera, ndiye kuti likupempha kuwala. Muzitembenuza mphika pang'ono sabata iliyonse kuti lisakule mopendama.

Apa ndichenjeze amene amawerenga malangizo pa intaneti kapena m'mabuku ochokera ku Britain ndi ku America. Kumeneko amati zenera loyang'ana kummwera ndilo la dzuwa lambiri. Zimenezo n'zoona kwawoko, chifukwa ali kumpoto kwa dziko lapansi. Kuno m'miyezi yozizira dzuwa limadutsa chakumpoto, choncho zenera la kumpoto ndilo limalandira dzuwa, pamene la kummwera limakhala pamthunzi m'miyezi imeneyi. Akamalemba kuti muchepetse madzi mu December chifukwa ndi nthawi yozizira, kumbukirani kuti kwathu December ndi mwezi wotentha ndi wa mvula, pamene zomera zimakula kwambiri. Malangizo ndi abwino, koma ayenera kuyamba adutsa pa zenera lanu.

Nanga wongoyamba ayambe ndi maluwa ati? Ayambe ndi opirira. Loyamba ndi lija la masamba aatali oima njo ngati malupanga, amizeremizere, limene ogulitsa amalitcha snake plant kapena Sansevieria. Kwawo ndi kuno ku Africa, kuchokera ku Nigeria mpaka ku Congo. Limasunga madzi m'masamba, moti likhoza kukhala masabata awiri kapena atatu osathiriridwa, ndipo limapirira malo a kuwala kochepa. Lachiwiri ndi alovera, amene ambiri tili naye kale kuseri kwa nyumba. Iyeyu amafuna kuwala kochuluka, mchenga wambiri ndi madzi ochepa. Lachitatu ndi spider plant, la masamba ngati udzu okhala ndi mzere woyera, limene limabereka tiana tolendewera ngati akangaude. Nalonso kwawo ndi ku Africa konkuno. Lachinayi ndi lija loyanga la masamba ooneka ngati mtima, lotchedwa pothos kapena money plant, limene limamera ngakhale m'botolo la madzi okha.

Pali lina limene mbiri yake iyenera kutipatsa maganizo. Limatchedwa ZZ plant, dzina lake la sayansi ndi Zamioculcas zamiifolia. Lili ndi masamba obiriwira onyezimira ngati apakidwa mafuta, ndipo pansi lili ndi timizu tonenepa ngati mbatata tosungiramo madzi. Limamera lokha m'nkhalango za kum'mawa kwa Africa, kuyambira ku Kenya, Tanzania, Malawi, Mozambique mpaka ku South Africa. M'zaka za m'ma 1990 alimi a maluwa a ku Netherlands adayamba kulichulukitsa, ndipo lero limapezeka m'maofesi a ku London ndi ku Johannesburg, anthu akuligula ndi ndalama zambiri. Chimodzimodzi African violet, kaduwa kofiirira kotchuka padziko lonse: Mjeremani wina, Walter von Saint Paul-Illaire, adakapeza m'mapiri a Usambara ku Tanzania mu 1892 n'kutumiza njere zake kwawo. Kameneka n'kovutirapo, sikafuna madzi ozizira pamasamba, ndiye kadikire kaye mpaka mutazolowera. Koma mfundo ndi yakuti maluwa ambiri amene timawaona ngati achizungu ndi a kwathu konkuno. Amene ali pafupi ndi minda ya zomera ya boma ku Zomba, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu akayendereko, akaone mmene zomera zotere zimakhalira pamthunzi wa mitengo ikuluikulu. Malo otero ndi amene tikuyesa kutsanzira pakhonde.

Simufunika kugula kuti muyambe. Ife amene timabzala chinangwa ndi mitengo yake, mbatata ndi kholowa wake, tikudziwa kale kuchulukitsa zomera popanda njere. Dulani kanthambi ka pothos kokhala ndi mfundo ziwiri kapena zitatu, chotsani tsamba la pansi, ikani mfundoyo m'botolo la madzi oyera, ndipo muzisintha madziwo pakapita masiku angapo. Pakatha masabata awiri kapena atatu timizu toyera timaoneka. Tikatalika ngati chala, wokerani m'dothi. Alovera ndi snake plant amaphukira ana m'mbali: patulani mwana ali ndi mizu yake, musiyeni pamthunzi tsiku limodzi kapena awiri kuti bala liume, kenako bzalani. Ngati mukugula, kumbukirani chikomekome cha nkhuyu. Musakopeke ndi penti ya mphika. Tembenuzani masamba muone kunsi kwake, gwirani tsinde ngati lili lolimba, ndipo funsani wogulitsa ngati duwalo lazolowera dzuwa kapena mthunzi. Yambani ndi miphika iwiri kapena itatu. M'mera mpoyamba, ndipo miphika khumi pa tsiku limodzi imangochulukitsa maliro.

Madzi abwino koposa ndi a mvula, ndiye m'dzinja tchererani ndowa pansi pa malata. A pamjigo alibe vuto m'madera ambiri, koma kumene ali amchere, monga mbali zina za kuchigwa cha Shire, mudzaona zoyera ngati phulusa pamwamba pa dothi ndi m'mphepete mwa mphika, ndipo nsonga za masamba zimapsa. Palani zoyerazo, ndipo mvula ikabwera tulutsani mphika panja kuti madzi atsuke dothi. M'chilimwe, pamene ndowa iliyonse imachokera kutali pamutu pa munthu, madzi otsukira mpunga kapena masamba a ndiwo amakwanira. Amene muli sopo wochapira, mchere kapena mafuta musathirire. Pa nkhani ya feteleza, dzanja limene lidazolowera kuthira pa phando la chimanga ndi lolemera kwambiri kwa mphika. Yureya wodzaza chitsekerero cha botolo akhoza kuwotcha mizu yonse. Kwa wongoyamba, manyowa okhwima odzaza dzanja limodzi, kuwaza pamwamba kumayambiriro kwa mvula, ndi okwanira. Duwa lodwala musalithire feteleza. Yambani mwapeza chimene chalidwalitsa.

Masamba ndiwo pakamwa pa duwa. Achikasu ndi ofewa, dothi lili lonyowa, akunena kuti madzi achuluka: lekani kuthirira, ndipo ngati tsinde layamba kununkha, zulani, dulani mizu yakuda yofewa, mubzalenso m'dothi louma. Ofota, dothi lili gwa, akunena za ludzu. Mawanga ouma ofiirira kumbali yoyang'ana zenera ndi kupsa ndi dzuwa. Tsamba limodzi la pansi likachita chikasu n'kugwa, ena ali bwino, musade nkhawa, ndi ukalamba chabe. Mizu ikayamba kutulukira m'mabowo, samutsirani mumphika wokulirapo pang'ono. Tizilombo take ndi tomwe timatidziwa kudimba: nsabwe za zomera, kodikodi woyera ngati thonje uja amagwira chinangwa, ndi kangaude wofiira wa pa tomato amene amakonda nyengo yotentha ndi youma. Nyerere zikamakwera ndi kutsika pa tsinde, yang'anani bwino, zikutsata timadzi totsekemera ta nsabwe. Patulani mphika wogwidwawo, pukutani masamba ndi kansalu konyowa, kapena tsukani ndi madzi a sopo wochepa kwambiri n'kutsukuluza. Madzi a masamba a nimu osinja amathandizanso. Mankhwala a thonje kapena a tomato asapoperedwe m'nyumba mogona anthu. Fumbi la m'chilimwe nalonso muzilipukuta, chifukwa limatchinga kuwala.

Tsopano nkhani imene makolo sayenera kuidumpha. Maluwa ena okongola ali ndi poizoni. Lija la masamba aakulu a mawanga oyera, lotchedwa Dieffenbachia, mwana akalitafuna pakamwa pamatentha, lilime ndi kukhosi zimatupa, moti akhoza kulephera kulankhula kapena kupuma bwino. Pothos ndi ZZ plant nawonso amayabwa pakamwa. Maluwa otuluka utomoni woyera ngati mkaka, abale ake a nkhadze, amawononga maso monga nkhadze yomwe. Ngati pakhomo pali mwana wokwawa, ikani miphika yotere pamwamba kapena ingoyambani ndi spider plant, amene alibe poizoni. Mwana akatafuna tsamba losadziwika, mutsukeni m'kamwa ndi madzi oyera, ndipo akayamba kutupa thamangirani naye kuchipatala mutatenga tsambalo. Musaiwalenso udzudzu. Umaswana m'madzi odikha, ndipo sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono imaukwanira. Kambale kolandirira madzi pansi pa mphika kazikhuthulidwa mukangothirira, ndipo madzi a m'mabotolo omeretsera azisinthidwa.

Pali mphekesera ziwiri zofunika kuziwongola. Ena amaopa kuti maluwa amalanda mpweya usiku. N'zoona kuti zomera zimapuma usiku, koma mpweya umene miphika ingapo imatenga ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa munthu mmodzi wogona nanu m'chipinda. Ena amakhulupirira zosiyana, kuti maluwa amayeretsa mpweya wa m'nyumba. Maganizowa adafala kuchokera pa kafukufuku wa bungwe la NASA la ku America wa mu 1989, koma kafukufukuyo adachitikira m'timabokosi totsekedwa. Mu 2019 akatswiri a pa Drexel University ku America komweko adaunikanso nkhaniyi, n'kupeza kuti pangafunike zomera pakati pa 10 ndi 1,000 pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi kuti zifanane ndi mpweya umene umalowa ndi kutuluka m'nyumba mwa masiku onse. Izi n'zofunika kuzidziwa m'chisanu. Palibe duwa limene lingakutetezeni ku mpweya wakupha wa makala, umene ulibe fungo kapena mtundu. Mbaula yamoto isagone m'chipinda chotseka, kaya muli miphika ingati.

Kwa amene amachoka pakhomo nthawi ya tchuthi, monga aphunzitsi ndi ana a sukulu zogonera komweko, pali njira yosavuta. Thirirani bwino, sunthani miphika pamthunzi n'kuiunjika pamodzi. Ikani botolo la madzi pamalo okwererapo, tengani chingwe cha thonje kapena kansalu kong'amba kuchitenje chakale, nsonga imodzi m'botolo, inayo muikwirire m'dothi. Madzi amayenda pang'onopang'ono ngati palafini pa chingwe cha koloboyi. Yesani njirayi masiku angapo musananyamuke kuti muone ngati ikuyenda. Snake plant, alovera ndi ZZ plant safuna n'komwe zimenezi pa ulendo wa masabata awiri. Ngati mukusiyira mnansi, muuzeni za chala, chifukwa mnansi wachifundo amathirira tsiku lililonse.

Alipo amene anganene kuti maluwa sadyedwa, bwanji osabzala mpiru. Bzalani mpiru ndithu, ndipo pakhonde lomwelo mphika wa tsabola, wa anyezi wamasamba kapena wa udzu wa mandimu wothira mu tiyi umatsata malamulo omwewa. Koma munthu sakhala ndi mimba yokha. Amene amazira nyumba, kusesa bwalo m'mamawa ndi kuyala kansalu patebulo amadziwa kuti pakhomo posamalika pamapumitsa mtima. Ndipo mwana amene wapatsidwa chitini chake choti azisamalira amaphunzira ndi maso zimene ena amangoloweza pokonzekera mayeso: kuti mizu imafuna mpweya, kuti tsamba limatsata kuwala, kuti chamoyo sichikakamizidwa kukula. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsamba latsopano la snake plant likhoza kutenga miyezi kuti lioneke, ndipo palibe feteleza wolifulumizitsa.

Ndiye sabata ino pezani chitini chimodzi, muboole pansi. Sakanizani dothi, mchenga ndi manyowa okhwima. Pitani kwa mnansi amene khonde lake limakusangalatsani, mukapemphe kamwana ka alovera kapena kanthambi ka pothos, ndipo mumufunse kumene amaika mphika wake ndi mmene amathirira. Mukabzala, thirirani kamodzi mokwanira. Mawa lake, musanagwire kapu, yambani mwapisa chala m'dothi.